Fizi yonseyi kuti mwana azikatsuka tebulo?

Kamtsikana ka zaka zitatu ndi theka kanyamula thireyi ndi manja awiri, kakuyenda pang'onopang'ono ngati kasenza mazira. Pathireyipo pali timajagi tiwiri tagalasi, kena kali ndi madzi, kena kalibe, komanso kasiponji kakukula ngati bokosi la machesi. Kafika patebulo, katsitsa thireyi, kakoka mpando, kakhala. Kagwira jagi ya madzi ndi dzanja lamanja, lamanzere kachirikiza kunsi, n'kuyamba kuthira. Madzi ena alowa, ena atsikira m'mbali mpaka pathireyi. Kaima, kayang'ana. Aphunzitsi ali chapafupi ndipo aona zonse, koma sananene kanthu, sanasunthe n'komwe. Kamwanako katenga siponji, kapukuta, n'kuthiranso madziwo kubwerera m'jagi yoyamba. Kachita zimenezi maulendo osawerengeka. Katakhutira, kabweza thireyi pashelefu, pamalo penipeni pamene kanaitenga.

Kumbuyo kwake mnyamata wina akukwecha tebulo limene silinade n'komwe, thovu mpaka m'zigongono. Wina wakhala pansi ndi kansalu kokhomedwa pafelemu yamatabwa, akumanga mabatani n'kumasula, kumanga n'kumasula. Palibe amene akuimba A, B, C.

Kholo limene lalipira fizi ya teremu yonse likasuzumira pawindo n'kuona zimenezi, mtima umaphwa. "Ndalama zonsezi kuti mwana azikasesa? Tsache kunyumba lilipo." Funso limeneli si lopusa, makamaka kwa ife amene tinakula tikudzutsidwa mbandakucha kuti tisese pabwalo popanda wina kutcha zimenezo maphunziro. Koma kuti tiliyankhe bwino tiyenera kupita kaye ku Rome, kumene makalasi otere, otchedwa a Montessori, anayambira.

Maria Montessori anabadwa mu 1870 m'tauni ya Chiaravalle ku Italy, ndipo anamaliza maphunziro a udokotala pa yunivesite ya Rome mu 1896, pa nthawi imene madokotala aakazi m'dzikolo ankawerengeka ndi zala. Sanayambe ngati mphunzitsi. Ntchito yake inamufikitsa kwa ana amene ubongo wawo unkagwira zinthu mochedwa, omwe masiku amenewo ankangotsekeredwa m'zipatala za odwala misala, m'zipinda zopanda kanthu kalikonse kogwira. Pofuna njira yowathandizira, anawerenga zimene madokotala awiri a ku France, Jean Itard ndi Édouard Séguin, analemba zaka zambiri m'mbuyomo. Kwa iwowa anatengako mfundo imene sanaisiyenso: nzeru za mwana wamng'ono zimalowera m'manja ndi m'maso, ndiye ukafuna kufika kumutu, yamba wapatsa dzanja chochita.

Mpata woyesa mfundoyi pa ana wamba unabwera mwanjira yosayembekezeka. Dera la San Lorenzo ku Rome linali la amphawi okhaokha, nyumba zake zosanjikizana zitaguga. Kampani ina yoyendetsedwa ndi Edoardo Talamo inakonzanso zina mwa nyumbazo n'kulowetsamo mabanja. Vuto linali lakuti makolo akapita kuntchito m'mawa, ana osafika msinkhu wa sukulu ankatsala okha, akuthamanga m'masitepe ndi kulemba m'makoma openta kumene. Eni nyumba anawerengera n'kupeza kuti kusonkhanitsa anawo m'chipinda chimodzi kunali kotchipa kusiyana ndi kupentanso makoma. Choncho pa 6 January 1907 chinatsegulidwa chipinda chimene anachitcha Casa dei Bambini, kutanthauza nyumba ya ana. Munali ana pafupifupi 50, ndipo wowayang'anira tsiku ndi tsiku anali mwana wamkazi wa mlonda wa panyumbapo, wosaphunzira za uphunzitsi.

Ana ambiri ankabwera ali mbuu, zovala zosamanga bwino. Ndiye kusamba m'manja, kupesa, kumanga mabatani ndi kusesa zinalowa m'dongosolo la tsiku pa chifukwa chaukhondo basi, monga dokotala aliyense akanachitira. Chimene Montessori sanayembekezere n'chakuti anawo anazikonda ntchitozi kuposa zidole zodula zimene anthu achifundo ankabweretsa. Mwana ankasamba m'manja, manja n'kuyera, koma iye osasiya.

Iye mwini anasimba nkhani ziwiri zimene ophunzitsa njirayi amazibwerezabe. Poyamba zipangizo zinkasungidwa m'kabati yokiya, wogawa n'kukhala mphunzitsi. Tsiku lina mphunzitsiyo anachedwa, atayiwalanso kukiya dzulo lake, ndipo anapeza ana atatsegula kabati, aliyense atatenga chake. Kwa iye kumeneko kunali kuba, ndipo ankafuna kuwalanga. Montessori anaona zina: anawo anali atadziwa zipangizozo mokwanira kuti asankhe okha. Kabati yaitali inachoka, m'malo mwake munabwera mashelefu aafupi amene mwana amafikira. Ufulu wosankha ntchito, umene ndiwo msana wa makalasi amenewa, unabadwira pakabati yosakiya.

Nkhani yachiwiri ndi ya mamina. Tsiku lina Montessori anaganiza zowaonetsa anawo kaminidwe: mmene ungatulutsire kansalu m'thumba, kukagwira, kumina mopanda phokoso, n'kukabweza. Ankayesa kuti aseka. M'malo mwake anangoti zii kumuyang'anitsitsa, ndipo atamaliza anawomba m'manja. Atalingalira anazindikira chifukwa chake. Ana amenewa ankakalipiridwa tsiku lililonse chifukwa cha mamina, kunyumba ndi mumsewu momwe, koma panalibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anakhalapo nawo pansi n'kuwaonetsa mmene amaminira. Amene anakulira kwathu kuno akudziwa mawu akuti "tamina iwe!" Tonse tinawamva. Ndi angati tinaonetsedwa?

Pamenepa m'pamene pagona kusiyana pakati pa kumusiya mwana ndi kumupatsa ufulu. Anthu ambiri akamva kuti m'kalasimo ana amatsogolera okha, amaganiza za chipwirikiti, aliyense kuchita zofuna zake aphunzitsi ali pafoni. Kalasi yoyendetsedwa bwino ili ndi malamulo ambiri kuposa kalasi wamba, kungoti ambiri mwa malamulowo sali pakamwa pa mphunzitsi, ali m'kakonzedwe ka chipindacho.

Tengani ntchito yothira madzi ija. Mwana saiyamba ndi madzi. Amayamba ndi nyemba kapena mpunga, chifukwa zikatayika zimatoleka, ndipo phokoso lake pathireyi limamuuza kuti china chalakwika. Madzi amabwera dzanja likakhazikika. Jagi ndi yagalasi dala, chifukwa chinthu chapulasitiki chikagwa chimangodumpha, mwana osaphunzirapo kanthu, pamene galasi likasweka palibe chifukwa choti wina alalikire za kusamala. Zikatero aphunzitsi amabwera kudzatola magalasiwo, mwana n'kuthandiza kupukuta pansi, popanda kukalipirana. Zonse zofunika pa ntchito imodzi zimakhala pathireyi imodzi, kuti mwana asakapemphe kanthu kwa wamkulu. Zida n'zenizeni koma zazing'ono: tsache losesadi, burashi yokwechadi, mpeni wosathwa kwambiri umene umadula nthochi. Ndipo chipangizo chilichonse chimakhala chimodzi chokha m'kalasi yonse. Ukachifuna mnzako akuchigwiritsa ntchito, udikira kapena upeza china. Kudikira kumaphunziridwa motero, popanda phunziro la kudikira.

Mwana saloledwa kungotenga chilichonse. Amasankha mwa zinthu zimene waonetsedwa kale kagwiritsidwe kake, ndipo kuonetsako kuli ndi luso lake. Mphunzitsi amakhala pambali pa mwanayo, n'kuchita ntchitoyo pang'onopang'ono kwambiri, akulekanitsa kachigawo kalikonse, pakamwa patatsekeka. Amati mwana wamng'ono sangamvetsere mawu ndi kuyang'ana manja pa nthawi imodzi, ndiye manja akamayenda pakamwa pamaima. Ife akuluakulu tinaiwala kuti kumanga batani limodzi ndi ntchito ya magawo angapo: kugwira batani ndi zala ziwiri, kukoka nsalu inayo, kupeza kabowo, kulowetsa theka, kusintha dzanja, kukoka. Kutsuka tebulo ndiye ulendo wautali: kuvala epuloni, kuyala kansalu pansi, kukatunga madzi m'jagi, kuthira m'beseni, kunyowetsa, kupaka sopo, kukwecha mozungulira, kutsukuluza, kupukuta, kukataya madzi akuda m'ndowa, kuumitsa zida, kubweza zonse mmene zinalili kuti wina adzazipeze zili bwino. Mwana wa zaka zinayi akatha kusunga mndandanda wonsewo m'mutu popanda womukumbutsa, wachita chinthu chachikulu kuposa kuloweza nyimbo ya masiku a pasabata.

Palinso timaphunziro ta ulemu, toonetsedwa mofananamo: kupereka moni, kudutsa pafupi ndi mphasa ya mnzako osaipondera, kupereka sizasi kosongoka kutaloza kwa iwe, kudikira munthu amalize kulankhula. Ena amayenda pamzere wojambulidwa pansi atanyamula kapu yodzaza madzi kapena belu loti lisalire. Ana a zaka 3 mpaka 6 amakhala kalasi imodzi, moti wamng'ono amaphunzira zambiri pongoonerera wamkulu. Ndipo nthawi yogwira ntchito imakhala yaitali, pafupifupi maola atatu m'mawa, popanda belu lodula pakati.

Gawo lovutitsitsa ndi la wamkulu. Aphunzitsi a njirayi ali ndi mawu amene amati ndiwo pempho la mwana aliyense: ndithandizeni kuti ndichite ndekha. Kunena n'kosavuta. Ine ndamuvekapo mwana nsapato kambirimbiri, iye akukuwa kuti "ndekha! ndekha!", chifukwa choti nthawi yatha ndipo minibasi sidikira munthu. Kumuveka kumatenga mphindi imodzi, kumudikira kumatenga khumi, ndipo mapeto ake nsapato ya kumanja ili kumanzere. Timamuchitira mwana zinthu pofuna kufulumira ndi kupewa uve m'nyumba, n'kumadziuza kuti ndi chikondi. Montessori ankaona thandizo losafunika ngati chopinga pa kukula kwa mwana, ndipo mphunzitsi wake amaphunzitsidwa kukhala pansi, kuyang'ana, kulemba zimene waona, manja ali pamwendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngakhale kuyamikira amakupewa mwana akazama pa ntchito, chifukwa "wakhoza!" mmodzi yekha amakwanira kumudzutsa n'kumuyambitsa kugwirira ntchito maso a aphunzitsi. Koma mwana akayamba kuponya zida, kumenya mnzake kapena kusokoneza ena, mphunzitsi amalowererapo nthawi yomweyo. Pamenepo palibe zodikira.

Nanga zonsezi n'zachiyani, poti tebulo linali loyera kale? Yankho la Montessori linali lakuti wamkulu amagwira ntchito kuti ithe, pamene mwana amaigwira kuti adziumbe yekha. Chimene ankasaka kwenikweni ndi kuzama kwa maganizo. Anasimba za kamtsikana ka zaka pafupifupi zitatu kamene kankalowetsa timitengo tozungulira m'mabowo ake n'kutulutsa. Anauza ana ena kuti aimbe mokazungulira, kenako anakanyamula ndi mpando womwe n'kukaika patebulo, koma iko kanangokumbatira timitengo take n'kupitiriza, mpaka kubwereza maulendo oposa 40. Katasiya kanayang'ana uku ndi uku mosangalala ngati kadzuka kutulo. Ntchito za m'nyumba ndiye khomo losavuta lolowera m'kuzama kotereku, chifukwa mwana amazidziwa kale, waziona kwawo, ndipo thupi lonse limagwira nawo. Otsatira njirayi amawonjezera kuti zala zitatu zimene zimagwira supuni, pegi kapena batani ndi zomwezo zidzagwire pensulo.

Si onse anagwirizana nazo. Mu 1914, William Heard Kilpatrick wa ku Teachers College ku New York, wotsatira maganizo a John Dewey, katswiri wa za maphunziro wa ku America, analemba motsutsa njirayi, ndipo mwa zina anadandaula kuti imapereka mpata wochepa wa masewera ongoyerekeza ndiponso kuti zipangizo zake zili ndi kagwiritsidwe kamodzi kokhwima. Mawu ake anathandiza kuti njirayi izilale ku America kwa zaka zambiri, mpaka Nancy McCormick Rambusch anaidzutsanso n'kukhazikitsa bungwe la American Montessori Society mu 1960. Dandaulo la Kilpatrick likadalipo, ndipo ine ndimaona kuti lili ndi mutu. Pali makalasi ena amene mwana akasandutsa jagi kukhala ndege amabwezedwa msanga ngati wachimwa, ndipo kumeneko n'kuumitsa zinthu mopitirira.

Za umboni, tiyenera kulankhula modekha. Kafukufuku wotchuka ndi wa Angeline Lillard ndi Nicole Else-Quest, wofalitsidwa m'magazini ya Science mu 2006. Anatengera mwayi pa sukulu ina ya boma ku Milwaukee imene inkalandira ana pochita maere, n'kuyerekeza amene maere anawagwera ndi amene sanawagwere. Ana a zaka 5 a ku Montessori anachita bwinoko pa kuzindikira zilembo ndi mawu, pa masamu, komanso pa kudzigwira ndi kukhala ndi anzawo. Koma ana onse m'kafukufukuyo anali 112 okha. Kafukufuku wina wa ku France, wofalitsidwa mu 2021, anapeza phindu looneka pa kuwerenga koma osati pa zinthu zina zambiri. Mu 2023 gulu lotsogozedwa ndi Justus Randolph linasanthula kafukufuku 32 pamodzi n'kupeza kuti phindu lilipo, koma ndi lapakatikati, si lodabwitsa. Ndipo zonsezi zimayeza kalasi yonse ndi zonse zili m'menemo. Amene angakuuzeni kuti kutsuka tebulo pakokha kumakhozetsa masamu wapitirira pamene umboni walekezera.

Chinanso choyenera kudziwa n'chakuti dzina la Montessori lilibe mwini pamalamulo. Bungwe limene iye anakhazikitsa mu 1929, Association Montessori Internationale, limaphunzitsa aphunzitsi, ndipo alipo mabungwe ena, koma munthu aliyense akhoza kulemba dzinali pachikwangwani. M'matauni athu zikwangwani zotere zilipo, ndipo kuseri kwa zina mumapeza ana a zaka zitatu atandanda pamabenchi akukopera pabolodi.

Tsopano tibwerere ku funso la kholo lija, loti tsache kunyumba lilipo. Lili ndi choonadi chachikulu kuposa mmene eni sukulu angavomerezere. Mwana wakumudzi wa zaka zisanu amatongola chimanga, amaswa mtedza, amasankha nyemba palichero, amasenza kachigubu kuchokera kumjigo, amabereka mng'ono wake. Pa masanje ana amaphika nsima yeniyeni pamoto weniweni, wamkulu akuwaonera patali. Robert Serpell, katswiri wa za maganizo a anthu amene anachita kafukufuku pakati pa Achewa a m'boma la Katete ku Zambia kuyambira m'zaka za m'ma 1970, anafunsa akuluakulu a m'midzi tanthauzo la mwana wanzeru. Anapeza kuti kwa iwo nzeru ili ndi mbali ziwiri: kuchenjera, ndi kutumikira, kutanthauza kukhala munthu wotumika ndi wodalirika. Kuchenjera kopanda mbali inayo sankakuwerengera. Montessori akanamva zimenezi sakanadabwa.

Komabe zinthu ziwirizi si chimodzi. Pakhomo mwana amagwira ntchito chifukwa watumidwa ndipo ntchitoyo ikufunika ithe. Akataya madzi amene amayi ake atunga kutali, mbama ili pafupi, ndipo sangabwereze kuthira maulendo khumi pongofuna kukhutira. Pakhomo ntchito imagawidwanso potengera kuti uyu ndi mtsikana, uyu ndi mnyamata, pamene m'kalasi muja mnyamata amachapa tinsalu n'kuyanika ngati wina aliyense. Kumbali ina, ntchito ya pakhomo ili ndi kanthu kamene kalasi imavutika kupereka: chimanga chimene watongola chikupita kuchigayo ndipo banja lonse lidya. Ubwino wa thireyi uli pa kudekha ndi ufulu wolakwitsa, wa pakhomo uli pa kufunika kwenikweni. Mwana amene akusowa zonse ziwiri, mmene ndikuonera ine, ndi wa m'tauni wa m'banja lopezako bwino, amene wantchito amamusambitsa, kumuveka, kumudyetsa ndi kumunyamulira chikwama mpaka pageti. Ameneyo ndiye amafika zaka 7 osatha kumanga zingwe za nsapato, ndipo kawirikawiri ndi makolo ake amene amafunsa za fizi.

N'zomvetsa chisoni kuti njira imene inayambira pa ana a amphawi a ku San Lorenzo lero m'mayiko ambiri imadziwika ngati ya olemera. Zipangizo za masamu ndi zilembo n'zodula ndithu, koma gawo la ntchito za tsiku ndi tsiku ndilo lotchipitsitsa. Sukulu ya mkombaphala ya kumudzi ili nazo kale zambiri: lichero, nyemba, kamtondo, ndowa, tsache la udzu lofupikitsa, malaya akale a mabatani akuluakulu. Chodula ndi munthu. Mlezi wongodzipereka, wosalandira kanthu, amene ali yekha ndi chigulu cha ana kwinaku phala lili pamoto, sangakhale pambali pa mwana mmodzi n'kumuonetsa kamangidwe ka batani mwakachetechete. Kumuuza kuti asiye ana asankhe okha popanda kumuphunzitsa kakonzedwe ka chipinda n'kumupatsa womuthandiza, n'kumuwonjezera mavuto. Koma tina ting'onoting'ono n'totheka ngakhale pamenepo: ana kusambitsana m'manja, kugawa makapu a phala, aliyense kutsuka yake n'kuivundikira pathandala lalifupi.

Mukapita kukaona sukulu imene yalemba dzinali pageti, musafunse za kompyuta. Pemphani kukhala pakona kwa theka la ola m'mawa. Onani ngati mashelefu ali pa msinkhu wa mwana kapena wa aphunzitsi, ngati ana a misinkhu yosiyana ali pamodzi, ngati mawu amene akumveka kwambiri ndi a ana kapena a wamkulu. Ndiye dikirani china chitayike, chifukwa chitayika ndithu, muone amene apite kukatenga kasanza.